Kwa atsogoleri a chigawo cha Tete: khama lilipo, koma mwayi wambiri umagawidwa m'maofesi anu

Olemekezeka a Bwanamkubwa wa chigawo cha Tete, a Mlembi wa Boma m'chigawo chino, aphungu a Nyumba ya Malamulo ya chigawo, ndi inu nonse oyang'anira madisitirito athu,

Landirani moni wanga. Ndine mphunzitsi wa ku Angónia, ndipo ndalemba kalatayi m'Chichewa mwadala kuti makolo a ana amene ndimawaphunzitsa athe kuiwerenga kapena kuwerengeredwa, popeza nkhaniyi ndi yawo. Chandilembetsa ndi mawu amene ndimawamva kawirikawiri pamisonkhano ya boma, pamiyambo yotsekera chaka cha sukulu ndiponso pa masiku a chikondwerero cha dziko, pamene mlendo wolemekezeka amaimirira n'kuuza khamu kuti iye anafika pamene alipo chifukwa cha khama lake, ndi kuti umphawi wa m'midzi yathu ungathe anthu atangosiya ulesi. Ndikukhulupirira kuti mawuwa amalankhulidwa pofuna kulimbikitsa achinyamata, ndipo anthu amawomba m'manja monga mwa mwambo. Komabe amanena mbali imodzi yokha ya nkhani, ndipo mbali imene amaisiyayo ndi imene ikukhudza ntchito yanu.

Khama sindilinyoza. Kwathu kuno timati khasu silinama, ndipo mlimi amene wachedwa kupalira amadziwa yekha zimene adzapeze m'nkhokwe. Koma khasu lomwelo likagwera pa nthaka ya ku Dómuè, kumene mvula imagwa yokwanira ndipo chimanga, nyemba, soya ndi mbatatesi zimachita bwino, limabweza zosiyana kwambiri ndi khasu logwera ku Changara kapena ku Mágoè, kumene dzuwa limapsereza mbewu zisanamasule ndipo mabanja amadalira mapira, mchewere ndi mbuzi. M'nyengo ya 2015 mpaka 2016, komanso ya 2023 mpaka 2024, chilala cha El Niño chinawononga minda kummwera kwa chigawo chino, ndipo amene anakolola manja okhaokha zaka zimenezo anali atalima, kubzala ndi kubwereza kubzala ngati wina aliyense.

Mvula ndi ya Mulungu, ndipo palibe amene angakuzengeni mlandu chifukwa cha iyo. Choncho tiyeni tikhale kuno kumapiri kumene imagwa mofanana, tione alimi awiri a mbatatesi amene anabzala tsiku limodzi, anathira feteleza wofanana ndipo anakumba matumba ofanana. Woyamba ali ndi munda m'mbali mwa msewu wa phula wochokera ku Ulónguè kulowera ku Tete. Iye amandandalika matumba ake pamsewu, galimoto zimaima zambiri, ndipo wogula akatchula mtengo wonyozeka amamukana n'kudikira wina. Wachiwiri ali mkatikati mwa Tsangano, kumene galimoto imafika imodzi patapita masiku, itavutika ndi maenje ndi matope. Wogula amatsika ndi matumba akeake, amalamula kuti thumba lidzazidwe mpaka kulisokerera chigamba pamwamba kuti mbatatesi zipitirire pakamwa pake, kenako amatchula mtengo injini ya galimoto ikulira, kusonyeza kuti alibe nthawi yonenerera. Mlimi amayang'ana mulu wa mbatatesi zimene zayamba kale kufota, amakumbukira ngongole ya feteleza, ndipo amalandira ndalamazo. Pakutha pa chaka woyamba uja amagula malata ndi njinga yamoto, wachiwiri amatsala ndi ngongole, ndipo ife timaloza woyambayo n'kuuza ana kuti aonereko khama. Chimene chawasiyanitsa anthu awiriwa ndi msewu, ndipo msewu suchita kugwa kuchokera kumwamba. Pali anthu amene anakhala pansi n'kusankha kuti phula lidutse apa, uko kudikire.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Pali mwayi umene munthu sangaupange, monga mvula, thanzi limene wabadwa nalo ndi makolo amene am'bereka. Palinso mwayi wina, ndipo ndi wochuluka, umene anthu akumudzi amangoutcha mwayi chifukwa saona dzanja limene laugawa, pamene dzanjalo lili mu ofesi, lagwira cholembera. Katswiri wa zachuma Branko Milanovic, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, anawerengera kuti kuposa theka la kusiyana kwa ndalama zimene anthu padziko lapansi amapeza kumachokera pa chinthu chimodzi chokha, chimene ndi dziko limene munthuyo akukhala, ndipo anthu ambiri amakhala kumene anabadwira. Akatswiri ena awiri, Alberto Alesina ndi George-Marios Angeletos, anasonyeza mu 2005 kuti m'mayiko amene anthu ambiri amavomereza kuti mwayi uli ndi gawo lalikulu pa chuma cha munthu, boma limaika ndalama zochuluka pothandiza osauka, pamene kumene anthu amakhulupirira kuti chuma chonse n'cha thukuta la mwini wake thandizolo limachepa. N'chifukwa chake mawu a pamsonkhano aja sindiwatenga mopepuka. Mtsogoleri amene amakhulupirira mumtima mwake kuti anadzikweza yekha, akamagawa ndalama za chitukuko amaona ngati akuchitira chifundo anthu osayenera, ndipo sachedwa kutopa nawo.

Mundilole ndinene za mbadwo wathu, chifukwa ambiri a inu ndi ine tinakula nthawi imodzi. Nkhondo imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992 inathamangitsira ku Malawi anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo ochuluka ndithu anachokera m'chigawo chino. Mudzi wa makolo anga unali pafupi ndi malire, kumene msewu waukulu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu umalekanitsa mayiko awiriwa, kotero kuti zinthu zitavuta tinawoloka usiku womwewo. Kutsidya kuja ndinalowa sukulu, ndinaphunzira kuwerenga m'chinenero chimene ndinayamwira, ndipo titabwerera kwathu Chipwitikizi sichinandivute kwambiri chifukwa kuwerenga ndinali nditakudziwa kale. Anzanga amene midzi yawo inali kutali ndi malire anathera zaka zomwezo m'tchire, ena akusenzetsedwa katundu wa asilikali, masukulu awo atatenthedwa kapena kutsekedwa. Ena mwa iwo ankandiposa nzeru, ndipo lero amasaina ndi chala. Ndinalimbikira sukulu, inde, koma ndinali ndi sukulu yoti ndilimbikiremo, ndipo malo a mudzi wathu sindinawasankhe ine. Aliyense wa inu akakhala chete n'kuganiza bwino adzapeza m'mbiri yake amalume amene anam'sunga m'tauni, wansembe kapena mbusa amene anam'lipirira, kapena mphunzitsi amene anam'bweza atathawa sukulu. Kuwatchula anthu amenewa pamsonkhano sikungakuchotsereni ulemu.

Nkhondo inatha, koma m'kalasi yoyamba muli chinthu china chimene chimasankhabe ana asanayambe n'komwe kulimbikira. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 17 okha pa 100 aliwonse m'dziko lino ndi amene Chipwitikizi ndi chinenero chawo chobadwa nacho, ndipo m'midzi ya ku Macanga, Chifunde ndi Tsangano mwana wotere ndi wosowa. Lowani m'kalasi ya kumudzi m'mawa mudzaone. Mphunzitsi, amene mwina watumizidwa kuchokera kutali ndipo Chichewa sachidziwa, akalowa ana onse amaimirira n'kufuula pamodzi kuti "Bom dia, senhor professor," ndipo mlendo angaganize kuti zinthu zili bwino. Phunziro likayamba ana amabwereza mawu aliwonse amene aphunzitsi atchula, mokweza ndi mwaulemu, koma mukam'tengera pambali mmodzi n'kumufunsa m'Chichewa zimene wanenazo, amayang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala cha kuphazi. Pofika kalasi yachitatu mwana yemweyo amakopera zonse za pabolodi ndi zilembo zokongola, osatha kuwerenga mzere umodzi mwa zimene walembazo. Mnzake wa mumzinda wa Tete, mwana wa namwino kapena wa kalaliki, anayamba kumva Chipwitikizi ali kumsana ndipo amachimva tsiku lililonse pa kanema. Ana awiriwa timawapatsa mayeso amodzi, ndipo zotsatira zikatuluka timati wina ndi wanzeru, wina ndi mbuli.

Chondipweteka n'chakuti mankhwala a vutoli anayesedwa kuno komwe. Kuyambira 1993 mpaka 1997 ntchito yoyesera maphunziro a zinenero ziwiri yotchedwa PEBIMO inachitikira m'zigawo ziwiri zokha, Gaza ndi Chichangana, Tete ndi Chinyanja chathuchi. Kuchokera pamenepo boma linavomereza njirayi, lamulo la maphunziro la 18/2018 limaizindikira, ndipo ndime 9 ya malamulo aakulu a dziko imati boma limalemekeza zinenero za dziko lino ndi kulimbikitsa kuti zikule. Komabe mpaka lero mwana amaphunzira m'chinenero chake pokhapokha ngati sukulu ya kwawo ili m'gulu la zosankhidwa, ngati mabuku afika, ndiponso ngati mphunzitsi wophunzitsidwa njirayi sanasamutsidwe. Pempho langa pano ndi losavuta kulimva. Potumiza aphunzitsi, makalasi atatu oyamba apatsidwe anthu olankhula chinenero cha ana a kumeneko, kaya ndi Chichewa, Chinyungwe kapena Chisena, ndipo mabuku a zinenerozi afike chaka cha sukulu chisanayambe.

Lamulo lomwelo la 2018 linanena kuti mwana aliyense aphunzire kwaulere mpaka kalasi ya 9, ndipo linasamutsira kalasi ya 7 ku sekondale. Cholinga chake n'chabwino. Koma kumene sukulu ya pamudzi imathera kalasi ya 6, mwana wa zaka 12 kapena 13 ayenera kuyenda mtunda wautali m'mawa uliwonse, apo ayi makolo am'pezere kachipinda ka lendi ku vila, azidziphikira yekha. Mnyamata amatha kum'lola. Mtsikana makolo ambiri amamuopera, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa amadziwa zimene zimachitikira mwana wamkazi wokhala yekha pakati pa alendo. Akakhala pakhomo chaka chimodzi kapena ziwiri, nkhani ya banja imayamba. Lamulo la 19/2019 limaletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo liyenera kugwira ntchito, koma kulanga makolo sikufupikitsa mtunda wa kusukulu. Posankha masukulu oti akwezedwe kufika kalasi ya 9, yambani ndi midzi imene ili kutali kwambiri, ndipo kumene sukulu singafike msanga mangani malo ogona a atsikana okhala ndi mayi wowayang'anira.

Tsopano tinene kuti mwana uja wapirira zonsezi, wamaliza kalasi ya 12, ndipo boma lalengeza mpikisano wolembera anthu ntchito. Chilengezo chimamatidwa pabolodi la ofesi ku likulu la disitirito kapena kutuluka m'nyuzipepala imene kumudzi sifika, ndipo masiku operekera makalata ndi owerengeka. Wofuna ntchito ayenera kubweretsa kalata yopempha, BI (chiphaso cha unzika) ndi satifiketi zodindidwa kwa notário (wotsimikizira zikalata), NUIT (nambala ya msonkho), kalata yosonyeza kuti sanapalamulepo mlandu, kalata ya kuchipatala ndi umboni wakuti analembetsa za usilikali. Pepala lililonse lili ndi mtengo wake, ofesi yake ndi mzere wake. Mnyamata wokhala pafupi ndi maofesiwo amazungulira wapansi n'kukadya nsima kwawo. Wa ku Zumbo kapena mkati mwa Marávia amagulitsa mbuzi kuti alipire chapa (minibasi), amagona pakhonde la wachibale, ndipo akauzidwa kuti makina sakugwira ntchito, abwere mawa, ndalama yake imathera pa chakudya mpaka tsiku lotsekera limupeza ali ndi mapepala osakwanira. Mayeso asanalembedwe, mpikisano wagwetsa kale anthu malinga ndi kutalika kwa kwawo. N'chimodzimodzi ndi malo ndi ma bolsa (thandizo lolipirira maphunziro) a kumasukulu a ukachenjede monga ku ISPT, ku UniZambeze kapena ku Universidade Púnguè, osanena za ku Maputo, kumene ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500.

Pamwamba pa zimenezi pali mawu amene achinyamata athu amawanena mosabisa, akuti wopanda padrinho (munthu waudindo womuyankhulira) asadzivutitse, ndiponso akuti pepala siliyenda popanda refresco (kachiphuphu). Sindikuloza chala munthu aliyense, ndipo ndikudziwa ogwira ntchito m'boma ambiri amene manja awo ndi oyera. Koma pamene mndandanda wa opambana utuluka popanda mamakisi, kapena utuluka mochedwa mayina ena atasintha, ngakhale amene wapambana mwachilungamo amakayikiridwa. Lamulo la 34/2014 linapatsa nzika ufulu wodziwa zimene maofesi a boma akuchita. Ligwiritseni ntchito musanafunsidwe. Chilengezo chilichonse cha ntchito kapena cha bolsa chiwerengedwe pa wailesi m'zinenero zathu, makalata alandiridwe ngakhale ku posto administrativo (ofesi ya boma ya m'dera), mapepala odula afunidwe kwa okhawo amene apambana, ndipo mamakisi a aliyense amatidwe poyera pamodzi ndi mayina a amene anachonga.

Chigawo chathu chili ndi phunziro lina la mwayi limene dziko lonse likulidziwa. Munthu wobadwira pamwamba pa malasha a ku Moatize tikanati ndi wamwayi kuposa tonse. Koma pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja 1,365, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, migodi inayamba kutulutsa malasha mu 2011, ndipo mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Bungwe la Human Rights Watch linalemba mu 2013 kuti mabanja ambiri osamutsidwa, kuphatikizapo a ku Mwaladzi amene anachotsedwa chifukwa cha mgodi wa Benga, anapatsidwa nthaka yosayenera ulimi, kutali ndi madzi ndi misika. Owumba njerwa amene ankadya za dothi la ku Moatize anataya ntchito yawo. Anthu amenewa ankalima m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, ankagulitsa makala, njerwa ndi ndiwo zamasamba m'tauni, ndipo anasauka atasamutsidwa, osati chifukwa chakuti manja awo anafooka. Mu 2022 mgodi unagulitsidwa ku kampani ya Vulcan, eni ake anasintha, koma a ku Cateme akadali ku Cateme.

Boma linavomereza lokha kuti pamenepa pali ngongole. Kuyambira 2013 gawo la 2.75 pa 100 la msonkho wa zokumbidwa limayenera kubwerera kumidzi kumene migodi ili, ndipo mu 2022 linalengezedwa gawo la 10 pa 100, loti 7.25 ipite ku chigawo ndi madisitirito, 2.75 ikhalebe ya midzi. Funsani mayi aliyense wa ku Moatize kuti chaka chatha ndalamazo zinali zingati ndipo zinagula chiyani, mudzamve yankho lake. Ndikupempha kuti chaka chilichonse chiwerengerochi chilengezedwe, ntchito iliyonse itchulidwe ndi mtengo wake ndi dzina la kontirakitala, ndipo gawo la chigawo lija lipite makamaka kumadisitirito amene alibe mgodi, alibe phula ndiponso alibe sekondale zokwanira. Zomwezo ndinganene za Cahora Bassa. Damu limeneli linamalizidwa mu 1974, mphamvu yake ndi ma megawati 2,075, ndipo mu Novembala 2007 linabwerera m'manja mwa dziko lino tonse tikuimba kuti Cahora Bassa ndi yathu. Magetsi ake amayenda makilomita oposa 1,000 kukafika ku South Africa, pamene m'midzi yambiri ya chigawo chomwe chino mwana wokonzekera mayeso amawerenga ndi tochi ya pafoni. Boma linalonjeza magetsi kwa onse pofika 2030, ndipo dongosolo la midzi imene iyambe kulumikizidwa liyenera kudziwika kwa eni ake.

Ndikudziwa yankho limene ena amapereka, lakuti zala za m'manja sizilingana. N'zoona, ndipo sindikupempha kuti wolimbikira ndi wogona akolole zofanana, kapena kuti dokotala alandire malipiro a mlonda. Anthu athu sadana ndi kusiyana kumene akuona chifukwa chake. Mlimi amene wagula ngolo atalima fodya zaka zambiri amalemekezedwa m'mudzi, ndipo anzake amapita kukam'funsa nzeru. Chimene chimawawa ndi kusiyana kumene kunakonzedwa mwana asanabadwe. Ndime 35 ya malamulo aakulu imati nzika zonse n'zofanana pamaso pa lamulo, ndipo pakati pa zinthu zimene siziyenera kusiyanitsa anthu imatchula malo amene munthu anabadwira. Ena amamva kufanana kumeneku ngati kupereka muyeso umodzi kwa aliyense. Ine ndimaona kuti kupatsa sukulu ya ku Zumbo ndi sukulu ya mumzinda wa Tete ndalama zofanana ndi kukondera ya mumzinda, chifukwa thumba la simenti, buku ndi mphunzitsi zimafika ku Zumbo pa mtengo wokwera. Wotsalira kutali ayenera kulandira zochulukirapo kuti afike pamene mnzake anayambira.

Mukanyalanyaza zimenezi pali zipatso ziwiri zowawa zimene ndikuziona kale pakati pa ana asukulu. Choyamba n'chakuti pamene njira yopezera bwino ili yobisika, anthu amadzipezera okha chifukwa chake. Munthu akalemera mosadziwika bwino amati anakhwima, mnzake akalephera amati anam'lodza, ndipo mapeto ake agogo osalakwa amanenedwa ufiti pomwe cholakwa chinachitikira pa desiki ya munthu wina. Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Wachinyamata amene wauzidwa kuti khama limalipira, n'kulimbikira, n'kuona malo ake akutengedwa ndi mwana wa wodziwika, amasiya kukhulupirira khama n'kuyamba kukhulupirira mwayi wokhawokha. Ameneyo ndi amene mumam'peza pamsika ataweramira foni, akutaya pa juga ya Aviator ndalama imene mayi ake anam'tumizira pa M-Pesa kuti agulire makope. Ndikawalangiza, ena amandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Aphunzitsi, kumeneku n'kumene sakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani." Yankho limeneli liyenera kutisowetsa tulo tonse amene timalalikira za kulimbikira.

Tinaonanso ndi ndalama zija za ma meticais 7 miliyoni zimene zinayamba kuperekedwa kudisitirito iliyonse mu 2006. Ganizo lofikitsa ndalama kumidzi linali labwino, koma madandaulo anamveka m'dziko lonse akuti amene anali pafupi ndi makhonsolo osankha ndiwo ankamva msanga ndi kulandira, ndipo zambiri mwa ngongolezo sizinabwezedwe. Thumba lililonse latsopano la chitukuko, zipangizo za ulimi kapena thandizo la INAS (bungwe la boma lothandiza ovutika) lidzagwa m'dzenje lomwelo ngati kasankhidwe kake kadzachitikira kuchipinda.

N'chifukwa chake ndikubweretsa ganizo limene ena angadabwe nalo. Pamene zinthu zili zochepa, ofuna ali ambiri ndipo onse akuyenerera mofanana, chitani maere poyera. Sindikunena za ntchito ya udokotala kapena ya uphunzitsi, imene imafuna mayeso. Ndikunena za malo ogulitsira mumsika watsopano, maganyu okonza msewu, malo ogona kusukulu pakati pa ana amene onse akhoza ndipo onse ndi ochokera kutali, kapena matumba a mbewu pakati pa mabanja amene onse avomerezedwa kuti ndi ovutika. Amayi a m'magulu a chipereganyu amadziwa kale njirayi: amalemba manambala pa timapepala, amatipinda, amatiponya m'mbale, aliyense amatola kake onse akuona, ndipo wotola nambala yomaliza amadikira mwezi wake popanda kukwiyira mnzake. Maere ochitikira pabwalo, pamaso pa mfumu, anyakwawa, atsogoleri a mipingo ndi a zipani zonse, amapatsa mwana wamasiye mpata wofanana ndi wa mphwake wa mlembi, ndipo amene walephera ulendo uno aikidwe patsogolo ulendo wotsatira. Amapulumutsanso wogwira ntchito m'boma wokhulupirika, amene masiku ano amavutitsidwa ndi achibale omuuza kuti waiwala kwawo.

Nkhani yomaliza ndi ya Mphanda Nkuwa, damu la ma megawati 1,500 limene likukonzedwa pa Zambezi, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, ndipo pangano lake ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo linasainidwa mu Disembala 2023. Mabanja a m'mbali mwa mtsinje adzasamutsidwa, ndipo ntchito zambiri zidzatseguka. Tikudziwa kale zimene achinyamata a ku Marara, Chiúta ndi Cahora Bassa adzauzidwe tsiku lolemba anthu ntchito, zakuti alibe luso ndipo alibe mapepala, chifukwa anzawo a ku Moatize anauzidwa zomwezo. Nthawi yowaphunzitsa kuwotcherera zitsulo, kulumikiza magetsi, kumanga ndi kuyendetsa makina ndi ino, ntchito isanayambe, ndipo magulu olembetsa BI ndi NUIT apite kumidzi yawo m'malo modikira kuti iwo abwere. Lamulo la kasamutsidwe ka anthu la 31/2012 linalembedwa pambuyo pa zimene zinachitika ku Cateme. Litsatidwe mokwanira, ndipo banja lililonse lione munda wake watsopano, liyese nthaka yake ndi kumwa madzi a pachitsime chake lisanagwetse nyumba yakale.

Ndikupempha kuti mfundozi zikambidwe pa msonkhano ukubwerawu wa Nyumba ya Malamulo ya chigawo, ndipo yankho lanu liperekedwe pa Rádio Moçambique ya ku Tete ndi pa mawailesi a m'madera, m'Chichewa, m'Chinyungwe ndi m'Chisena, pa nthawi ya madzulo anthu atabwerako kumunda.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa sekondale, Angónia